Mutu 5: Tsiku Limene Chigayo Chinali Chete

Moni kwa inu, owerenga okondedwa, kulikonse kumene bukuli lakupezani, kaya m'kalasi, kaya pakhonde, kaya kumunda mukuinga mbalame pa mpunga. Tiyamike Mulungu amene watisunga kufikira lero, natipatsa maso owerengera ndi makutu omvera. Sunthirani pafupi, tipite limodzi ku gombe la kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, m'dera la Mwambo, chaka chimene madzi anaiwala malire awo.

1. Njira isanduka nyanja

Chaka chimenecho mvula inagwa mosapumira. Mtsinje wa Likangala unasefukira, nyanja nayo inakwera, mpaka madzi awiriwa anakumana pakati pa dambo ngati abale amene anasiyana kalekale. Dambo limeneli linali pakati pa mudzi wa kwawo kwa Tamara ndi kamsika kumene kunali sukulu, magolosale ndi chigayo. Njira imene anthu ankadutsa panjinga atanyamula matumba a mpunga tsopano inali yoyendamo matemba.

Ana ambiri anangokhala pakhomo. Koma Tamara, mtsikana wa Fomu 2, sanalole kuti madzi amulande sukulu. Bambo ake anali msodzi, ndipo nyengo imeneyo anali ku chilumba cha Chisi. Asanapite anali atamuphunzitsa kuyendetsa bwato. Paja pa Chilwa madzi ndi osaya, ndiye munthu sadalira nkhafi. Amaima kumbuyo kwa bwato, n'kuzika nsungwi yaitali m'matope, n'kukankha. Tamara ankachita zimenezi ngati anabadwa nsungwi ili m'manja.

Mwini bwato anali amalume ake, a Gerishomo, mkulu wa mpingo, munthu wofatsa wokonda kuimba nyimbo za m'tchalitchi chapansipansi akamasoka ukonde. Iwo analola kuti bwato lawo liziwolotsa ana opita kusukulu: Tamara, mlongo wake wamng'ono Anthony wa Sitandade 4, mnzake wa pamtima Fadila, ndi Prince wa Fomu 3, mwana wa a Gerishomo omwewo.

Chimene chinavuta n'chakuti nsungwi anaipereka kwa Tamara, osati kwa mwana wawo.

Pakati pa dambolo pankadutsa mawaya a magetsi opita kukamsika. Madzi atafewetsa nthaka, pholo limodzi linapendekeka, ndipo mawaya anatsika kwambiri. Anyamata sanachedwe kupezapo sewero. Ankalitcha kuliza gitala. Munthu ankayamba watchera khutu ku chigayo cha Che Jamali. Chikamalira, ndiye kuti magetsi alipo, ndipo aliyense ankadutsa kutali. Chikakhala chete ankati magetsi azima, monga amachitira kawirikawiri. Apo mnyamata ankalowetsa bwato pansi pa mawaya, n'kumenya wam'munsi ndi nsungwi kuti alire, anzake akuwomba m'manja. Woliza gitala ankayenda chifuwa patsogolo sabata yathunthu.

2. Mawu a padoko

M'mawa wa Lachisanu lina, a Gerishomo anaperekeza anawo mpaka padoko. Anagwira mphuno ya bwato kuti lisachoke.

"Imani kaye nonse," anatero. "Ndili ndi mawu, ndipo sindifuna kuti wina adzati sanamve.

"Mwaliona pholo lija lagwada kupitirira mtengo wa mthethe? Eni magetsi tinawadziwitsa, ndipo abwera msewu ukangolola galimoto. Kufikira tsiku limenelo, njira yanu ndi yozungulira, ya kumabango. Ndi yaitali, ndikudziwa. Koma njira yaitali yokufikitsa kwanu iposa yachidule yokufikitsa kumanda.

"Zimene akuchita anyamata ndazimva. Akuti amatchera khutu kuchigayo, chikakhala chete ndiye amati waya wagona. Ana inu, chigayo si mneneri. Chigayo chimaima lamba akaduka. Chimaima ogayitsa akasowa. Chimaima mwini wake akadwala mutu. Ndipo ngakhale magetsi atazimadi, pobwerera sanena odi. Munthu amene amawayatsa ali kutali, sakukuonani, sadziwa kuti mwana wa uje wakweza nsungwi. Anzanu aja sanapulumuke chifukwa cha nzeru ayi. Ndi chifundo chabe, ndipo chifundo cha Mulungu si choseweretsa.

"Ena akuti nsungwi ndi mtengo, ndipo magetsi sayenda mumtengo. Tayigwirani iyi. Mwamva? Ndi yonyowa kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, chifukwa tsiku lonse imakhala ikumira ndi kuvuuka. Nanga madzi athu simukuwadziwa? Nyanja yathu ilibe potulukira, madzi ake ndi amchere, ndipo magetsi amathamanga m'madzi otere ngati njinga pamtsetse. Akalowa pansonga amatsika ndi chinyezi mpaka m'manja mwako. Sathera pomwepo. Amapitirira mpaka kumapazi, amene ali m'timadzi ta m'bwato. Onse okhala m'bwatomo amagawana mbale imodzi, wolakwa ndi wosalakwa yemwe."

Anthony anakweza mapazi ake msanga, ngakhale kuti bwato linali lidakali padoko. Fadila anaseka.

Prince anali akuzunguza chipewa pa chala. "Nanga ababa," anafunsa, "anamzeze aja amatera pawaya tsiku ndi tsiku, bwanji osafa?"

"Funso labwino," anayankha a Gerishomo. "Magetsi amafuna njira yopitira pansi. Namzeze sakhudza pansi, sakhudza madzi, ndiye sawapatsa njira. Koma iwe ndi nsungwi yako mumakhala mlatho. Ukadzamera mapiko, mwana wanga, udzandifunsenso."

Kenako anatembenukira kwa Tamara.

"Mwana wa mlongo wanga, nsungwi ndaika m'manja mwako. Si chifukwa uli ndi mphamvu kuposa msuweni wakoyu ayi. Ndi chifukwa iwe ukamva chinthu, chimakhala. M'bwato muno muli ana a nyumba zitatu. Uwabweze monga wawatengera."

"Ndamva, amalume," anatero Tamara.

A Gerishomo anavula chipewa n'kupemphera mwachidule, kuti Iye amene anaikira madzi malire ayang'anire ana ake popita ndi pobwera. Fadila, amene anali wa Chisilamu, anaweramitsa mutu mwaulemu monga ankachitira masiku onse. A Gerishomo atatha anakankha bwato, ndipo anawo anapita njira ya kumabango.

3. Minibasi ya Tamara

Lachisanu sukulu imaweruka msanga. Dzuwa linali litatuluka bwino, ndipo madzi a padambo ankanyezimira ngati malata atsopano. Anawo atafika padoko la kukamsika anapeza anyamata atakhala pa bwato lakale lovundikira, akudya nzimbe. Pakati pawo panali Jafeti, mnzake wa Prince wa m'kalasi, mnyamata wa pakamwa pakuthwa.

"Eee, taonani bwana Prince akukakwera minibasi yawo!" anakuwa Jafeti. "Dalaivala wavala siketi, kondakitala ndi Anthony. Aise, iwe ndiwe pasinjala kapena katundu?"

Anyamata onse anaseka mpaka ena kutsamwa ndi nzimbe.

"Ndine mwini galimoto," anayankha Prince. "Mwini sayendetsa."

"Ndiye bwana mwini galimoto, nachi chigubu," anatero Tamara, akumupatsa chigubu chodula chokapira madzi. "Galimoto yanu ikudontha."

Kuseka kunakula. Prince nayenso anaseka, koma kuseka kwake sikunafike m'maso.

Jafeti anakweza chala. "Tatontholani kaye. Mwamva?"

Onse anatchera khutu. Kunkamveka achule okha, ndi belu la njinga chapatali. Kuchigayo kunali zii.

"Chagona kuyambira m'mawa," anatero Jafeti. "Lero gitala ndi wa aliyense. Tonse pano tinaliza kale, watsala ndiwe wekha, Prince. Kapena ukudikira chilolezo kwa madamu?"

"Lero lomwe mumva," anatero Prince, n'kulumphira m'bwato.

Tamara anadikira kuti Anthony ndi Fadila akhale bwino, anaika zikwama pamalo ouma, n'kukankha.

Ulendo unayamba bwino. Bwato linkadutsa pamwamba pa minda ya mpunga yomira, nsonga zokha zikugwedezeka pamwamba pa madzi. Akakowa anaima mwakachetechete pamizere yotsala. Tamara ankazika nsungwi, kukankha, kuzula, madzi n'kumatsetsereka m'manja mwake mpaka m'zigongono. Ankaimba chapansipansi nyimbo imene kwaya yawo inkaphunzira sabata imeneyo.

"Koma n'zachilendo," anatero Fadila, amene Che Jamali anali mjomba wake, kapena kuti malume ake. "Amjomba sazimitsa chigayo tsiku lonse. Ngakhale Lachisanu, akamapita kumzikiti amasiyira wantchito wawo a Samsoni kuti azigaya."

"Mwamva nokha!" anatero Prince, akumenya chigubu pa bondo. "M'bale wa mwini chigayo wachitira umboni. Magetsi kulibe lero."

"Ine sindinatero," anatero Fadila. "Ndangoti n'zachilendo."

"N'chimodzimodzi."

4. Pamtengo wa mthethe

Pakati pa dambo panali mtengo wa mthethe, utaima m'madzi mpaka m'chiuno. Pamenepo njira inkagawikana. Kumanzere inkalowera kumabango. Kutsogolo kunali njira yachidule, ndipo chapomwepo mawaya anali lende pamwamba pa madzi, anamzeze atandandalika pamenepo.

Tamara anayamba kukhotetsa bwato kumanzere.

"Wongola, mkazi wanga," anatero Prince. Paja asuweni amaitanana choncho, ndipo palibe amene amakwiya nazo.

"Mwamuna wanga wopanda ndevu," anayankha Tamara, "njira ya kwathu ndi iyi."

"Kamodzi kokha. Ndingomenya, timve kulira, basi tibwerere. Ababa sadziwa."

"Ine ndidziwa."

"Tamvera wekha, iwe! Chigayo chili kuti?"

"Amalume anati chigayo si mneneri."

"Ababa ndi akale. Iwo amaopa ndi batire la tochi lomwe." Prince anaimirira, ndipo bwato linagwedezeka. "Patse nsungwi."

"Khalani pansi, achimwene, mutigwetsa," anatero Anthony, atagwira m'mphepete mwa bwato ndi manja onse.

Prince anadumpha zikwama n'kugwira nsungwi. Tamara anaona kuti akalimbana, bwato litembenuka, ndipo Anthony sankatha kusambira bwino. Choncho anaisiya nsungwiyo. Prince anamwetulira, poganiza kuti wapambana.

Koma nthambi ya mthethe inali pamwamba pa mutu wa Tamara, ndipo chingwe chomangira bwato chinali pamapazi pake. Anachitola, anachiponya panthambi, n'kumanga mfundo imene bambo ake anamuphunzitsa, ija imati ukamaikoka imalimbirako. Minga inamukwalula dzanja mpaka magazi, koma sanasiye. Atatha anakhala pansi, chingwe chotsala atachipondera.

Prince anazika nsungwi n'kukankha. Bwato linasuntha pang'ono, chingwe chinakungika, bwato linabwerera. Anakankhanso ndi mphamvu zake zonse. Mtengo unangogwedeza masamba.

"Masula!"

"Sindimasula."

"Tamara, ine ndine wamkulu kwa iwe."

"Wamkulu ndi amene anatipatsa bwato."

"Bwato la ababa anga!"

"Ndipo mawu ndi a bambo ako omwewo."

Fadila anaphimba pakamwa ndi mpango kuti asaseke. Prince anapuma mwamphamvu. Thukuta linkatsika pamphumi pake.

"Sukumvetsa," anatero, mawu atatsika. "Ndalonjeza pamaso pa anthu. Lolemba ndikaonetsa nkhope yanji kusukulu?"

"Yomweyo," anatero Tamara. "Bola ikhale yopuma." Anapukuta magazi pa siketi. "Ukawauze kuti Tamara anamanga bwato. Ukanene kuti ndine wamantha, kuti ndinalira, chilichonse chimene ufuna. Andiseke ine, ndilibe nazo kanthu. Koma Anthony ndikamutula kwa amayi, Fadila kwa mayi ake, iwe kwa amalume. Ndi zimene ndinavomera padoko."

Kamphepo kanadutsa m'mabango. Zinkaoneka ngati Prince akhala pansi.

Ndiye chapatali, kudoko la kukamsika, kunamveka likhweru lalitali la Jafeti.

Nkhope ya Prince inasintha. "Ndanena kuti amva lero," anatero. "Ngati bwato silipita, nsungwi ipita yokha."

Anaizula m'matope, madzi akuchucha, n'kuinyamula paphewa ngati mkondo.

"Prince, usatero!" anakuwa Tamara. Ataona kuti sakumva, anatembenukira kwa enawo. "Manja onse m'kati! Musakhudze madzi!"

Prince anaiponya.

5. Gitala alira

Nsungwi inauluka ikupindikapindika. Tsinde lake linakazikika m'matope, ndipo nsonga inagwera pa waya wam'munsi.

Gitala analiradi, koma osati monga anyamata ankafunira. Kunang'anima moto wobiriwira ngati mphezi ya masana. Kunamveka kuthetheka, kenako kuphulika kumene kunagwedeza chifuwa cha aliyense. Madzi ozungulira nsungwi anachita thovu n'kutulutsa nthunzi. Anamzeze anabalalika, akakowa onse a padambo anauluka nthawi imodzi.

Kenako kunali zii.

Nsungwi inali itang'aluka kuyambira kunsonga, yakuda bii, ikufuka utsi. Inali ikadatsamira pa waya. Fungo la chinthu chopserera linafika mpaka m'bwato.

Prince anakhala pansi mosadziwa, pamwamba pa chikwama cha Fadila. Anatambasula manja ake n'kumawayang'ana, mkati ndi kunja, ngati si ake.

Patapita kanthawi, pamwamba pa madzi panayamba kuoneka tinthu toyera. Anali matemba, mimba zili m'mwamba. Kenako makumba. Kenako mlamba waukulu ngati mkono wa munthu unayandama pang'onopang'ono. Kamphepo kankazikankhira nsombazo kumene kunali bwato.

"Ndiwo!" anakuwa Anthony, mantha onse ataiwalika. Anaweramira kunja atatambasula dzanja.

Tamara anamugwira kolala ya yunifolomu n'kumubweza mwamphamvu.

"Usakhudze!"

"Koma achemwali, zafa kale!"

"Chimene chazipha sichinachoke. Taona nsungwi, ikadali pawaya. Khala pakati, manja pamiyendo."

"Ndiye tipita bwanji kwathu?" anafunsa Fadila. "Tilibe nsungwi."

"Sitipita. Tidikira. Kuphulika kumeneku kwamveka kutali, wina abwera."

Anakhala choncho pansi pa mthunzi wa mthethe. Nsomba zinkagunda m'mbali mwa bwato, koma palibe anatambasula dzanja. Fadila ankanong'ona pemphero la kwawo. Tamara anayambanso nyimbo ija ya kwaya, poyamba mawu akuthawathawa, kenako anakhazikika. Anthony analowa nawo, akuphonya mawu monga mwa nthawi zonse.

6. Chifukwa chake chigayo chinali chete

Sipanapite nthawi yaitali, m'mabango munatuluka bwato lina. Linali bwato lachiwiri la a Gerishomo, ndipo woyendetsa anali eni ake, atavala jekete lawo lakuda lopitira kumapemphero, miyendo ya thalauza atapinda mpaka m'maondo. Ankakankha mwachangu ngati mnyamata. Atayandikira anawerenga mitu ndi maso, ndipo atapeza kuti yakwana, anatseka maso.

"Mulungu ngwabwino," ananena chapansipansi. "Mulungu ngwabwino."

Anayang'ana nsungwi yopserera. Anayang'ana nsomba. Anayang'ana chingwe chomangidwa panthambi, ndi dzanja la Tamara la magazi. Pomaliza anayang'ana mwana wawo. Sanafunse kuti waponya ndani.

"Ababa," anatero Prince, mawu ali pang'ono, "chigayo chinali chete."

"Chinali chete, inde," anayankha a Gerishomo. "Ukudziwa chifukwa chake? Mayi wokalamba wa nyumba yoyandikana ndi chigayo watisiya m'mawa uno, inu mutalowa kale m'kalasi. Che Jamali atamva, anazimitsa makina. Kwathu kuno chigayo sichilira anzako akulira pakhomo loyandikana nacho. Ine ndachokera konko kukapepesa. Babu la pakhonde la chigayo linali likuyaka masana onse, ndaliona ndi maso angawa. Langozima pamene kwamveka kuphulika."

Fadila anagwira pakamwa. Prince anaweramitsa mutu.

"Mwana wanga, sindikumenya," anapitiriza a Gerishomo. "Taiyang'ana nsungwi ijo. Uiyang'anitsitse. Imene ija yalandira chimene chinali chako. Ukanakhala kuti unaigwira, bwenzi mawa tikukumba manda ambiri, ndipo chigayo chikanakhala chete chifukwa cha inu. Bwenzi ine ndikupita kwa mlongo wanga kukanena chiyani? Kwa mayi a Fadila ndikanalowa ndi nkhope yanji?

"Anzako akuimbira likhweru ali pamtunda pouma. Woimba likhweru salowa m'madzi. Ukafa, adzabwera kudzanyamula bokosi, adzalira pang'ono, sabata yamawa adzakhala akumenya mpira. Amene adzalire mpaka imvi ndi mayi ako. Ulemu umene ukuufuna kwa anyamata a padoko ndi wa tsiku limodzi ngati duwa la dzungu. Moyo unapatsidwa umodzi, ndipo si iwe unaupanga.

"Ndipo mumve nonse. Waya uja tsopano akuoneka wakufa, koma musamukhulupirire. Akhoza kudzuka nthawi iliyonse. Nsomba izi zisiyeni, adye akakowa mawa. Ine ndikakutulani, ndibwerera kumaliro, poti anthu onse ali kumeneko. Ndikalengeza kuti munthu asayandikire pano, ndipo tikawaimbiranso foni eni magetsi."

Anasendeza bwato lawo n'kuyamba kumasula chingwe panthambi. Anayesa ndi zala, chinakana. Anayesa ndi mano, chinakana. Mapeto ake anaseka, misozi ili m'maso.

"Iwe mwana, mfundo iyi unamangira bwato kapena njovu?"

"Ndinamangira msuweni wanga, amalume," anatero Tamara.

Ngakhale Prince anamwetulira pang'ono. Tamara anaimasula yekha mfundoyo, ndipo a Gerishomo anamangirira bwato la ana kumbuyo kwa lawo.

"Mawa tikadula nsungwi ina," anatero. "Ndipo nayonso idzakhala m'manja mwako."

Anapita njira yaitali ya kumabango, a Gerishomo akuimba patsogolo, dzuwa likuwawomba kumsana. Anthony anagona pa mwendo wa Fadila. Tamara anamanga dzanja lake ndi kansalu, mtima utakhala pansi.

Koma Prince ankacheukacheuka. Sankayang'ana waya, sankayang'ananso nsungwi yopserera. Ankayang'ana nsomba zija zoyera, zitati mbwee pamwamba pa madzi, mpaka mabango anazibisa.

Atafika padoko la kumudzi, a Gerishomo anatembenuza bwato lawo kubwerera kumaliro. Fadila anatenga Anthony n'kutsogola. Tamara anatsala akumanga bwato pachikhomo, ndipo Prince anaima pambali pake, akukumba mchenga ndi chala cha kuphazi.

"Wandipulumutsa, msuweni," anatero.

"Wakupulumutsa ndi Mulungu. Ine ndangomanga chingwe."

"Eya. Koma nsomba zija unaziona? Popanda ukonde, popanda mbedza, popanda kugona panyanja. Kungothetheka kamodzi, dengu lodzaza."

Tamara anasiya kumanga n'kumuyang'ana.

"Waya uja ndi woopsa, ndavomera," anapitiriza Prince, akuyang'ana kumbali. "Koma munthu atakhala ndi magetsi ochepa, ake ake, oti angawanyamule m'bwato..." Anatsitsa mawu. "Kodi batire lija la sola, loimbira kiyibodi ya kwaya, azakhali amalisungabe kuchipinda kwanu?"

Batire limenelo linali pansi pa bedi la mayi ake a Tamara, a Cecilia, amene anali mtsogoleri wa kwaya. Ndipo madzulo amenewo a Cecilia anali akukonzeka kale kukagona kumaliro.

Tamara anawerama, nakoka chingwe, namanga mfundo yachiwiri pamwamba pa yoyamba.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, Mulungu wa chifundo akusungeni pamtunda ndi pamadzi. Akupatseni khutu lomva akulu akamalankhula, ndi mtima wolimba wonena kuti ayi pamene anzanu akuimba likhweru. Akuyendetseni njira yokufikitsani kwanu, ngakhale ikhale yaitali, ndipo amene akukudikirani pakhomo akulandireni ndi chimwemwe. Mtendere wake ukhale pa inu. Ameni.